Zomwe timagulitsa m'kalasi yathu ya SAT

Bizinesi yathu ndi yokonzekeretsa ophunzira mayeso a SAT, omwe makoleji ambiri a ku United States amayang'ana posankha ophunzira. Makolo amakonda kutifunsa ngati kulipira kalasi kumaposa kuwerenga pawekha. Sitiwabisira: zowerenga zilipo kale zaulere. Khan Academy, tsamba la maphunziro aulere pa intaneti, yakhala ikuphunzitsa SAT mogwirizana ndi College Board, bungwe lokonza mayesowa, kuyambira 2015, ndipo mu pulogalamu ya Bluebook, yomwe mayesowa amalemberapo, muli mayeso athunthu oyeserera. Ife timagulitsa wotchi ndi diso la mphunzitsi basi.

SAT ya masiku ano imalembedwa pa kompyuta, mafunso 98 m'maola awiri ndi mphindi 14. Gawo la kuwerenga ndi kulemba lili ndi mafunso 54 m'mphindi 64, la masamu mafunso 44 m'mphindi 70. Gawo lililonse lili ndi zigawo ziwiri, ndipo kuvuta kwa chachiwiri kumatengera mmene wakhozera choyamba. Ukapatsidwa chosavutacho, malikisi apamwamba sungawafike ngakhale utakhoza mafunso onse otsalawo. Apa ndi pomwe wowerenga payekha amagwa: kunyumba amayeserera mosayang'ana nthawi, tsiku la mayeso n'kukakamira funso limodzi mpaka mphindi zinayi, pomwe la masamu limafuna pafupifupi mphindi imodzi ndi theka.

N'chifukwa chake wophunzira watsopano timayamba tamulembetsa mayeso athunthu a Bluebook, wotchi ikuyenda. Funso lililonse lomwe walakwa amalilemba m'kope, pambali pake n'kuikapo chifukwa: sanadziwe mfundo, sanawerenge funso bwino, kapena nthawi inamuthera. Amene vuto lake ndi mfundo timamutumiza ku Khan Academy, kumulipiritsa pamenepo n'kumudyera ndalama. Wopupuluma ndi wochedwa ndiwo amapindula nafe, ndipo pagulu sitipitirira anthu asanu ndi mmodzi, kuti mphunzitsi athe kuwerenga kope la aliyense sabata iliyonse.

Zina n'zazing'ono koma zimataya malikisi. Ambiri sadziwa kuti makina owerengera a Desmos ali m'mayeso momwemo, ndipo samu zina zimatha msanga ukangojambula mizere iwiri n'kuona pomwe yakumana. Enanso amasiya mafunso osayankha, chikhalirecho kulakwa sachotsera malikisi.

Wophunzira amene amasunga yekha ndondomeko, ndipo wayandikira kale malikisi omwe koleji yake ikufuna (malikisi onse a SAT ndi 1600), timamupatsa ndandanda ya masabata n'kumubweza kunyumba osalipira.