Kahatchi kafika makilogalamu 84, koma mano anatidyera masabata atatu

Lero m'mawa sikelo yawerenga 84. Kahatchi aka, ka mtundu wa timahatchi tating'ono (miniature horse), kanafika kuno ku Gauteng, ku South Africa, kali ndi makilogalamu 67, nthiti zonse zikuwerengeka, mafupa a m'chiuno atatuluka, pa muyeso wa Henneke, woonetsa kuwonda kapena kunenepa kwa hatchi, kali pa 2 mwa 9. Pano kali pa 4. Yezani ndi sikelo yeniyeni, chifukwa tepi yoyezera mahatchi akuluakulu imanama pa tiziweto timeneti, ndipo mlingo wa mankhwala onse umadalira kulemera.

Masiku atatu oyamba kankadya lucerne (msipu wa ziweto wamasamba) wouma yekha, magalamu 100 pa maola anayi alionse, usiku womwe. Chakudya chogula cham'thumba ayi, chimanga ayi. Hatchi yomwe yakhala ndi njala ikadya zokhuthala mwadzidzidzi, insulin imakwera, phosphorus, potassium ndi magnesium zimatsika m'magazi, mtima n'kulephera, kawirikawiri pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, pamene aliyense akuti zayamba kuyenda. Kuyambira tsiku lachinayi tinkawonjezera pang'onopang'ono, kenako tinayamba kusakaniza ndi udzu wa teff.

Mpaka apo zinali bwino. Pa makilogalamu 74 kanangoima, sikelo osasuntha masabata atatu.

Tinayamba taganizira njoka zam'mimba. Ndowe zinakayezedwa, mazira analipo ndithu, kanamwa mankhwala a njoka a fenbendazole masiku asanu. Moxidectin, mankhwala enanso a njoka, tinaipewa dala, chifukwa pa hatchi yaing'ono komanso yowonda mlingo ukangopitirira pang'ono imavulaza. Ndowe zina tinazisungunula m'madzi m'golovesi ya pulasitiki kuti tione ngati mchenga ungatsikire ku zala, munalibe wochuluka. Tinawonjezera udzu, koma osasintha.

Yankho linali pansi pa chodyera. Tsiku lililonse posesa pankapezeka timibulu ta udzu wonyowa, tokulungika ngati chala chachikulu, totafunidwa theka n'kulavulidwa. Kankaoneka ngati kakudya tsiku lonse, koma zambiri sizinkafika m'mimba. Timahatchi timeneti tili ndi mano ochuluka ngati a hatchi yaikulu, ndiponso aakulu ndithu, m'nsagwada yaifupi, ndiye amapanikizana. Dokotala wa ziweto atatsegula kamwa anapeza mano otafunira akumwamba atasongoka m'mphepete n'kucheka masaya, ndipo limodzi lakumapeto litatalika moti nsagwada sinkapera bwino cham'mbali. Kunena zoona, kamwa linayenera kuonedwa sabata yachiwiri, osati yachisanu ndi chitatu.

Atapala manowo ndi tupa, kanakana kudya tsiku lonse chifukwa cha ululu. Apa ndi pamene pali ngozi yaikulu. Hatchi yaing'ono ikasiya kudya, thupi limatulutsa mafuta ambiri kulowa m'magazi, chiwindi n'kulemedwa. Ndiyo hyperlipaemia, ndipo imapha. Magazi akawapatula, madzi ake amaoneka oyera ngati mkaka. Musadikire tsiku lachiwiri. Dokotala anayeza triglycerides, mafuta a m'magaziwo, madzulo omwewo, zinali zitakwera pang'ono chabe. Tinaviika ma pellet a lucerne m'madzi ofunda mpaka anakhala ngati phala, kadzanja kamodzi pa maola awiri alionse, n'kumakatulutsa kukabudula nsipu kwa mphindi khumi. Mankhwala a ululu anali pa mlingo wa dokotala basi, chifukwa bute, mankhwala a ululuwo, ikachuluka imawononga matumbo ndi impso. M'mawa wa tsiku lachitatu chodyera chinali chopanda kanthu, pansi popanda kam'bulu ngakhale kamodzi.

Za lucerne, ndimakonda wa kumaloko kwa mlimi, wamasamba ambiri, wobiriwira mkati mwa belo. Wamapesi okhaokha amabaya zilonda zam'kamwa. Tsegulani belo musanalipire, mununkhize. Ngati likumveka chinyontho kapena likutulutsa fumbi loyera, lisiyeni.

Ziboda zidakali ntchito. Zinabwera zitatalika n'kupindikira m'mwamba, pansi pake pakununkha thrush, matenda owoletsa pansi pa chiboda. Wosema ziboda akubwera masabata anayi alionse n'kuchotsa pang'ono pokha. Kudula zonse tsiku limodzi kumakoka mitsempha ndipo hatchi imatsimphina. Pa zionetsero zimene zimatsata malamulo a AMHA, bungwe la ku America la timahatchi tating'ono, malire ndi mainchesi 34, poyezera pa tsitsi lomaliza la pakhosi, choncho chiboda chotalika chingathe kuitulutsa hatchi m'kalasi yake. Aka kali pa 33, ndipo oweruza amayang'ananso ngati mano akutsogolo akukumana bwino. Pamenepo kali bwino.

Katemera wa matenda a mahatchi a African horse sickness, mabotolo awiri opangidwa ku Onderstepoort otalikirana masabata atatu, adikira nyengo yake ya June mpaka October, thupi litakwanira. Pakadali pano kakuphunzira kuyenda pa halter (chingwe chomanga kumutu) ndi kuima miyendo inayi molingana, mphindi zisanu patsiku. Kakafika pa 5 pa muyeso wa Henneke tiyamba kuthamanga nako pamanja kuti msana udzaze, ndipo chaka chamawa ndikufuna kakalowe m'bwalo la chionetsero, mwinanso kukoka kangolo.