Loweruka ku Kawale: kupeka chuni ndi kompyuta

Mvula ya usiku inasiya matope m'njira za ku Kawale, moti ntchito yomwe timati tiyamba 8 koloko inayamba cha m'ma 9. Tinakumana atatu m'kachipinda kosungiramo ng'oma kuseri kwa tchalitchi: aphunzitsi a kwaya, mnyamata wina wopanga mabiti wa ku Biwi, ndi ine. Patebulo panali laputopu, kasipika, mahedifoni ndi foni yojambulira mawu. Timafuna chuni chatsopano cha mzere umodzi wa nyimbo ya ana a Sande sukulu: "Mtengo wa mango wabereka, tiyeni tiyamike."

Tinagwiritsa ntchito Sonic Pi, pulogalamu yaulere yopekera nyimbo polemba malamulo pa kompyuta, imene anayambitsa Sam Aaron ku yunivesite ya Cambridge. Ukaikopera kamodzi, siifunanso bandulo. M'pulogalamuyi noti iliyonse ndi nambala ya MIDI, njira imene makompyuta ndi zida zoimbira zimatchulira manoti. Nambala 60 ndi C wapakati, amene ife tinamutenga kukhala doh. 72 ndi doh wapamwamba, ndipo pakati pawo pali masitepe 12 ofanana. Tinasankha manoti asanu okha: 60, 62, 64, 67 ndi 69, amene a kwaya amawatchula doh, re, mi, soh, lah. Fah ndi te tinawasiya dala. Pamanoti asanuwa palibe awiri oyandikana ndi sitepe imodzi, choncho ngakhale makina asankhe mwachisawawa, khutu silipweteka.

Poyamba tinangouza pulogalamu kuti izitola noti iliyonse ndi lamulo la choose. Zimene zinatuluka zinali ngati chiwala cholumpha m'munda: doh, lah, re, lah, doh. Chifukwa chake n'chakuti choose sakumbukira noti yapitayo, pomwe chuni chimene munthu angaimbe chimadalira kwambiri pomwe wachokera. Mnyamata uja anadabwanso kuti akadina kachiwiri batani la Run, loyambitsira nyimbo, chuni chikubwera chomwecho. Si vuto ayi, opanga pulogalamuyi anachita dala. Manambala a mwamwayi a Sonic Pi amayambira pa nambala imodzi yotchedwa seed. Ukalemba use_random_seed 7 upeza chuni china, ukalemba 8 chinanso, ndipo ukabwerera pa 7 uchipeza chilipobe. Lembani nambala imeneyi m'kope nthawi zonse, poti ndiyo dzina la chunicho.

Ndiye tinaika malamulo athu. Pamayendedwe khumi alionse, asanu ndi limodzi azipita pa noti yoyandikana nayo, atatu azibwereza noti yomweyo, limodzi lokha lizilumpha. Chuni chisatsike kupyola soh wapansi, yemwe ndi 55, komanso chisakwere kupyola 72, chifukwa mawu a ana amathera chapomwepo asanayambe kukuwa. Mzere uzithera pa doh. Apa zinthu zinayamba kumveka ngati nyimbo.

Koma aphunzitsi atayesa kuimba mawu pa chuni cha nambala 12, anaima pa liwu loyamba lomwe. "Achimwene, mtengo uwu ndi wa kumsika, si wa pabwalo," anatero. Analondola. M'Chichewa, mtengo womera umakwera pa phatikizo la "te", pomwe mtengo wogulira zinthu umangoyenda pansi. Chuni chija chinatsitsa "te", ndiye mzere wonse umamveka ngati tikulengeza za malonda a mango. Apa mpamene pagona nkhani kwa aliyense wopeka nyimbo za Chichewa ndi makina: pulogalamu sidziwa kuti mawu athu ali kale ndi chuni chawo asanaimbidwe.

Tinajambula aphunzitsi akuyankhula mzerewo katatu mwachizolowezi, osaimba, foni ili pafupifupi masentimita 20 kuchokera pakamwa. Fayilo tinaisandutsa WAV, mtundu wa fayilo ya mawu, n'kuitsegula mu Praat, pulogalamu yofufuzira mawu ya Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam. Imajambula kamzera kosonyeza pomwe liwu lakwera ndi pomwe latsika. Chenjerani ndi malire a kutsika ndi kukwera kwa liwu, amene amayezedwa mu Hz: kwa abambo ikani 75 mpaka 300 Hz, kwa amayi 100 mpaka 500 Hz. Malire akalakwika, kamzerako kamadumpha kawiri kutalika kwake pomwe munthu sanakweze liwu n'komwe. Kujambula koyamba tinakutaya chifukwa njinga yamoto ya kabaza inadutsa, Praat n'kutsata injini m'malo mwa munthu.

Kamzerako kanatiwonetsa zinthu ziwiri zimene khutu limadziwa kale koma sitiziganizira. Mawu okwera a kumapeto kwa chiganizo amakhala otsikirapo poyerekeza ndi a kumayambiriro, ngati munthu wotsika chitunda pang'onopang'ono. Komanso phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limatalika: "wabereeka", "tiyamiike". Tinalemba maphatikizo onse pamndandanda, lokwera tikulipatsa 1, lotsika 0, n'kuwonjezera malamulo atatu. Pochoka pa 0 kupita pa 1, noti ikwere kapena ikhale pomwepo, isatsike. Mzere uyambire m'mwamba, pa soh kapena lah, kuti upeze malo otsikira. Phatikizo lotalika lija lilandire nthawi yowirikiza kawiri. Sindikunena kuti nyimbo iliyonse itsate kayankhulidwe ndendende. Nyimbo zambiri za m'mabuku a m'tchalitchi zinatenga chuni chakunja ndipo timaziimba bwinobwino. Koma pa liwu limene tanthauzo lingasokonekere, mawu ndiwo atsogole.

Magetsi anazima cha m'ma 12 koloko, batire la laputopu n'kutipirira kwa ola limodzi ndi theka. Tinapitiriza ndi mahedifoni, tikupatsirana.

Kagundidwe kanatidyera nthawi. Tinaika use_bpm 100, kutanthauza kuti kugunda kumodzi ndi masekondi 0.6. Titagawa kugundako panayi, nyimbo inauma ngati ya pa perete. Magule athu ambiri amagawa kugunda patatu, ndiye tinalemba sleep 1/3, lamulo lodikira pakati pa manoti, pulogalamu n'kuima ndi uthenga wofiira. Cholakwa n'chaching'ono: m'chiyankhulo cha Ruby, chimene Sonic Pi imagwiritsa ntchito, 1/3 amatuluka 0 chifukwa onsewo ndi manambala athunthu. Lembani 1.0/3. Titakonza, aphunzitsi anayamba kuwomba m'manja osauzidwa.

Magetsi atayaka masana tinayesa chinthu china chimene kiyibodi ya m'tchalitchi singachite. Valimba ya kuchigwa cha Shire, ku Nsanje ndi Chikwawa, imachunidwa moyandikira masitepe 7 ofanana kuchokera pa doh kufika pa doh wapamwamba, ngakhale mmisiri aliyense amasema mwa khutu lake. Mukagawa 12 ndi 7 mupeza pafupifupi 1.71, ndipo Sonic Pi imalola manambala a madesimo: 60, 61.71, 63.43, 65.14, 66.86, 68.57, 70.29, 72. Chuni chomwe chija chinasintha nkhope, chinamveka chakwathu kwambiri. Mnyamata uja anachikonda, koma atachiika pamwamba pa makodi a piyano mu FL Studio, pulogalamu yopangira mabiti, zinagundana moipa, poti piyanoyo ili pa masitepe 12. Ofuna kutsata njira iyi achune zida zonse mofanana, kapena asiye chunicho ndi ng'oma zokha.

Pa manambala 30 amene tinamvetsera, tinasunga atatu: 4, 19 ndi 23. Pa 19 aphunzitsi anasintha manoti awiri a kumapeto ndi pakamwa pawo, chifukwa makina amafika pa doh mofulumira ana asanapume. Analemba chunicho m'kope mwa sol-fa, ife n'kudina batani lojambulira la Rec kuti tisunge fayilo yotumiza pagulu la WhatsApp la kwaya. Alito ndi besi sitinapatse kompyuta. Amenewo akawapeza oimba okha mawa akatuluka m'mapemphero a m'mawa.