Chinanazi, lalanje ndi chikasu: mainawa anachokera kuti?

Ife a kuno ku Mulanje timanyadira zinanazi ngati kuti zinamera tsiku limodzi ndi phirili, koma chipatso chimenechi kwawo ndi ku South America ndipo dzina lake chinabwera nalo. Anthu a mtundu wa Tupi ku Brazil ankati nanas, Apwitikizi nkumati ananás, pa Chiswahili nanasi, ife tinangoika chi kutsogolo basi chinanazi chatheka. Lalanje naye ndi laranja wa Apwitikizi, koma iwonso anachita kubwereka eti, Aluya amati naranj, ku Persia narang, ndipo mukalondola mpaka kumapeto mukatulukira ku India ku chilankhulo chamakedzana cha Sanskrit komwe mtengowu unkatchedwa naranga. Mango nawo njira yake ndi yomweyo, kummwera kwa India amati manga. Vasco da Gama anadutsa mphepete mwa nyanja ya Mozambique mu 1498 akupita ku India, anzake nkutsatira ndi malonda awo, ndiye kwa ife amene kungowoloka pa Muloza tafika ku Milange sizodabwitsa kuti mawu awo adzadza mmisika yathu, mbatata yomweyi ndi batata.

Mapeyala okha ndi a Chingerezi, azungu ankati avocado pear ife nkutolapo mawu omalizawo. Manachesi ndi naartjie wa ku Joni. Koma masuku, malambe, matowo, nthudza, amenewa sanakwere sitima ya munthu, mitengo ndi maina omwe ndi za konkuno.

Tsono nkhani ya mitundu ndi imene imandigwira mtima kwambiri. Pa Chingerezi mtundu uja amati orange unatengera dzina ku chipatso, osati chipatso kutengera mtundu ayi. Ifenso tinachita chimodzimodzi ndi chikasu, chikasu ndi chomera, chija chofanana ndi jinja chimene ufa wake amathira mu mpunga kapena mu ndiwo, ukachigwira zala zimasintha mtundu, ndiye makolo anaona nkuti chilichonse chooneka choncho ndi chachikasu. Kubiriwira nako ndi kwa zomera, taonani minda ya tiyi ku Thyolo mvula ikagwa, ili biriwiri mpaka uko. Ndipo Chichewa sichimangotchula mtundu nkusiyira pomwepo, chimakuuza mmene wafikira, kufiira psuu, kuda bii, kuyera mbee.

Sindidana ndi mawu obwereka ine, lalanje ndi chinanazi anabwera chifukwa tinalibe dzina la zinthuzo, pinki nayenso alowe palibe vuto. Chimene chimandipweteka ndi pamene dzina lilipo kale lokoma bwino koma tikulitaya dala. Pitani pa Limbuli kapena pa Chitakale mukaime pogulitsa zitenje mumve, mayi akuti ndipatseni cha yelocho, wogulitsa akuti cha giriini chatha, mwana ali pambalipo akumva, ndipo mukamufunsa kuti chikasu nchiyani angokuyang'anani. Inu amene muli ndi ana aang'ono, tawaonetsaniko chomeracho, athyole muzu aone okha mkati mwake.