Kwa anzanga osamalira ma pool kuno ku Joni

Abale anga a m'magadeni, mvula yayamba, ndipo ma pool ayambanso kubiriwira. Bwana akangoona ndere amati thiramo chlorine wambiri. Koma nthawi zambiri mlandu umakhala wa pH, muyeso woonetsa ngati acid wachuluka kapena wachepa m'madzi.

Musanathire chilichonse, yezani madzi ndi test kit. pH izikhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Ikakwera kufika 8, chlorine amafooka kwambiri, moti mumangothira ndere osafa, mawa mukunenedwa kuti ndinu aulesi. Itsitseni kaye ndi pool acid pampu ikuyenda, padutse maola angapo, muyezenso. Kenako chlorine, ndipo azikhala pakati pa 1 ndi 3 ppm (muyeso wa chlorine pa test kit). Ine ndimathira madzulo chifukwa dzuwa la kuno limamudya msanga, makamaka ngati stabiliser (mankhwala oteteza chlorine ku dzuwa) wachepa m'madzimo.

Fungo lamphamvu lija loyabwa m'maso silitanthauza kuti chlorine wachuluka. Ndi chlorine amene wasakanikirana ndi thukuta ndi mkodzo wa osambira (ana a bwana sadzavomera, musawafunse). Pamenepo pamafunika shock, kutanthauza kuthira chlorine wambiri nthawi imodzi.

Kreepy (makina oyenda okha m'pool akuyamwa zinyalala) ikayamba kuyenda mwaulesi, onani basiketi ya pampu, masamba a jakaranda amadzaza m'menemo. Mukatero chitani backwash ndi rinse (kutsuka fyuluta pobweza madzi, kenako kuitsukuluza), koma muzimitse pampu musanatembenuze valavu ya fyuluta.

Chonde, acid ndi chlorine musazisakanize m'chidebe chimodzi, ngakhale kuziika moyandikana m'kashedi. Mpweya wake umawononga mapapo. Posungunula acid, yambani kuthira madzi m'ndowa, acid pambuyo.