Vinyo wolavula wa ku Constantia

Zaka zinayi ndili ku Cape Town koma minda ya mphesa ndinkangoionera pa windo la takisi. Loweruka lapitali msuweni wanga anati iwe tiye ku famu ya vinyo ya Groot Constantia, ine ndinakana kaye poti ndinkaona ngati kumeneko ndi kwa matuwaristi okhaokha, koma anandivuta mpaka tinapita.

Famuyo ndi yakale heavy, Simon van der Stel, mkulu wa atsamunda achiDatchi ku Cape nthawi imeneyo, anapatsidwa malowo mu 1685 ndipo mpaka pano akufulabe vinyo. Koma chomwe chinandikomera ine ndi nkhani ya mphepo. Mukuidziwa mphepo ija ya ku False Bay amati Cape Doctor, imatiulutsira zovala pa chingwe ku Capricorn mpaka kukazitola kwa neba? Kumeneko amaikonda anthuni. Mayi amene amationetsa malo anati mphepo ya kunyanjayo imaziziritsa mphesa kuti zisapse mothamanga ndi dzuwa la Januwale, zimakhwima pang'onopang'ono osataya kakuwawasa kake, komanso imaumitsa masamba ndiye matenda a chinyezi sagwira kwambiri. Mphepo yomwe ndakhala ndikuitukwana zaka zonsezi kani ndi imene ili mu botolo.

Ndiye kunabwera kulawa. Amakuthirira kadontho pansi pa galasi, uzungulize, ununkhize, ulawe, kenako akuti ukafuna ulavulire mu kandowa kali patebulo. Kulavula chinthu choti ndalipira?? Kwathu ku Ntcheu ukachite zimenezo pa mowa anthu angati wadwala mutu. Ine ndinameza zonse, msuweni nayenso chimodzimodzi. Sauvignon Blanc ena amati akumva fungo la udzu, ine ndimamva gwafa basi. Pinotage ndi wa konkuno, Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri ya mphesa, Pinot Noir ndi Cinsaut, ku Stellenbosch mu 1925, koma sanandisangalatse, amauma kukamwa ngati nthochi yosapsa. Amene ananditenga mtima ndi Grand Constance, wotsekemera ngati uchi, vinyo wa ku Constantia wamtunduwu ndi amene Napoleon ankamwa ali ku ukaidi pa chilumba cha St Helena.

Titakhala pansi pa mitengo ikuluikulu ija ndinayamba kuganiza za amene anakumba minda yonseyi. Anali akapolo, ena ochokera ku Mozambique ndi Madagascar, ndipo ukapolo ku Cape unathetsedwa mu 1834. Pambuyo pake m'mafamu ambiri a vinyo antchito ankalipidwa mbali ina ndi mowa, ija amati dop. Msuweni anati ndasokoneza mood, ndinamuuza kuti ndi Grand Constance akuyankhula.

Tinagula botolo limodzi la Sauvignon Blanc mosonkherana, lotsekemera lija mtengo wake tinangouyang'ana n'kubweza pa shelefu. Pano tikukangana kuti likhala kwa ndani mpaka Khrisimasi.