Zaka za ku Majete zasiya kundizunguza mutu

Kwa milungu itatu ndakhala ndikuloweza zaka za mbiri ya nkhalango ya Majete pokonzekera mayeso a maphunziro a zokopa alendo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkadzuka zitasokonezekanso. Ndinkadziwa kuti malowa anakhazikitsidwa mu 1955, kuti bungwe la African Parks linayamba kuwayendetsa mogwirizana ndi boma mu 2003, kuti zipembere zinabwera chaka chomwecho, njovu mu 2006, anyalugwe mu 2011, mikango mu 2012. Koma zonsezi zinali ngati mikanda yopanda ulusi, ndipo funso limodzi linkandisowetsa mtendere: ngati njovu zinatheratu ku Majete chifukwa cha opha nyama mozembera, nanga n'chifukwa chiyani anthu omwe anavutika kuzibwezeretsa anatenganso zina mu 2017 n'kupita nazo ku Nkhotakota?

Yankho linabwera Lachitatu usiku, nditakhala pansi kujambula mapu a malowo ndi dzanja. Ndinalemba mtsinje wa Shire chakum'mawa pamodzi ndi mathithi a Kapichira, amene anatsekereza ngalawa ya David Livingstone mu 1859, kenako mtsinje wa Mkulumadzi, kenako mapiri a mitengo ya miombo chakumadzulo. Nditamaliza kuzungulitsa mzere wa mpanda, ndinaimitsa cholembera. Mkati mwa mpandawo muli malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 700, ndipo malowo sakula ngakhale nyama zichuluke chotani. Udzu, masamba ndi madzi zili ndi malire ake, choncho nthaka ndiyo imalamula kuti nyama iti ibwere liti, ndiponso kuti zikhale zingati.

Pamenepo zaka zija zinayamba kugwirana. Mikango inachedwa pafupifupi zaka khumi chifukwa sikanakhala ndi chakudya njati, mbidzi ndi agwape zisanaswane mokwanira. Njovu nazo zitapeza chitetezo zinaswana, ndipo njovu imathyola nthambi, imasenda makungwa, imagwetsa mitengo. Zikachuluka m'malo otsekedwa, nkhalango imayamba kuonongeka, nyama zina n'kuvutika. Kusamutsa njovu kunali umboni woti ntchito yatheka, osati kuti yalephereka monga ndinkaganizira poyamba. Ngakhale zimene alendo amachita zikutsatira nthaka yomweyo: amakwera bwato pa Shire chifukwa mvuu, ng'ona ndi njovu zimapezeka kumadzi, amayendetsedwa pa galimoto m'mamawa ndi madzulo chifukwa kutentha kwa ku Chikwawa kumabisa nyama masana, ndipo ofuna kuona chigwa chonse amakwera phiri la Majete ndi wowatsogolera.

Ndikukhulupirira ndithu kuti palibe njira ina yophunzirira nkhani imeneyi yoposa kujambula mapu wekha, ndipo aliyense wondifunsa ndikumuuza kuti aike kaye zolemba za m'kalasi pambali, atenge pepala. Chimene chikundipweteka n'chakuti aphunzitsi athu anatipatsa zakazi ngati mndandanda wongoloweza, n'kuthamangira mutu wina chifukwa nthawi inawathera. Sindikuwanyoza, pakuti ali ndi ophunzira ambiri, koma Majete ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 70 okha kuchokera kuno ku Blantyre, kungotsika chitunda cha ku Thabwa n'kuoloka Shire, komabe ulendo umene tinalonjezedwa wakhala ukulephereka mpaka lero.

Chimene sindinachigwire bwino ndi mbali ya anthu okhala kunja kwa mpanda. Pamapu anga mzerewo ukuteteza minda yawo ku njovu, koma ukuwatsekeranso kumene makolo awo ankatola nkhuni ndi kumweta udzu. Mlendo atandifunsa ngati mpandawo ndi wachilungamo kwa iwo, ndikuona kuti ndingachite chibwibwi, ndipo mayeso ali Lolemba likudzali.