Ntchito ya pasukulu yatha, zikomo nonse, makamaka inu madala a ngolo

Abale anga, ntchito ija yatha. Dzulo masana tapereka makiyi kwa aphunzitsi aakulu ndi amayi a mother group, amfumu ali pomwepo. Kuyambira Lolemba atsikana a pasukulu yathu sadzathamangiranso kutchire kapena kubwerera kunyumba phunziro lili mkati. Zimbudzi zaima, chipinda chosinthira chili ndi chitseko ndi loko wake, ndipo denga la kalasi ija linasasuka lakhomedwa malata atsopano. Ndikulemba manja ali matuza okhaokha, msana ukukana kuwerama, koma tulo sitingabwere ndisanathokoze.

Ambuye Mulungu, ulemu ndi wanu. Anyamata analowa m'dzenje lakuya, m'dothi la mchenga limene limagumuka osachenjeza, ndipo onse anatuluka amoyo. Tinayenda m'mphepete mwa M1 malole a nzimbe ndi a shuga akutipitirira pafupi, palibe anagundidwa. Inu nokha mukudziwa usiku umene ine ndi msungichuma tinawerenga ndalama kawirikawiri, tikuyembekeza kuti mwina ziwonjezereka. Zikomo Atate.

Za kumene tachokera sindichulutsa, mukudziwa kale. Tinali tisanapume ku namondwe Ana wa mu Januwale 2022, uja anaononga Kapichira n'kusiya dziko lonse likuvutika ndi magetsi, pamene namondwe Freddy anafika mu Malichi 2023. Mtsinje wa Mwanza unasefukira, mudzi wonse unathawira kusukulu chifukwa ndi pokhapo pokwererapo. Mabanja anagona m'makalasi, mbuzi pakhonde, kolera ili mkati m'dziko. Zimbudzi zimene zinakumbidwira ana asukulu zinatumikira mudzi wathunthu usana ndi usiku, zinadzaza, kenako zinatitimira. Msasa utatsekedwa, matenti anapasulidwa, magalimoto a mabungwe anabwerera kumtunda kudzera ku Thabwa, ife tinabwerera kumabwinja athu kukayambiranso. Sukulu inatsala yokha ndi mabala ake. Sindikunyoza amene anatipatsa ufa ndi mabulangete nthawi imeneyo, tikanafa popanda iwo, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala m'dziko muno, sitinali tokha. Koma sukulu imene inatisunga inafunika kubwezeredwa ulemu wake, ndipo ife achinyamata a kalabu tinati ngongole imeneyi ndi yathu.

Tinayamba opanda ngakhale thumba limodzi la simenti. Inu amene munayenda nafe big walk kuchokera pa Dyeratu kukafika pa Nchalo, dzuwa la kuno kuchigwa likuwotcha mpaka phula kufewa, zikomo. Alongo athu amene munakazinga mandasi ndi zitumbuwa kuyambira mbandakucha n'kuponya phindu lonse m'bokosi la kalabu, zikomo. Anyamata otsuka magalimoto ndi njinga zamoto pa Nchalo, matimu amene munasewera bonanza opanda mphotho yooneka, mipingo imene inatichitira paper Sunday, abale a kumzikiti amene munasonkha pambuyo pa swala ya Lachisanu, achimwene ndi achemwali a ku Joni amene munkatumiza pa Mukuru, a ku Blantyre ndi ku Lilongwe a pa Airtel Money ndi Mpamba, ndikayamba kutchula mmodzimmodzi kucha. Ena munatumiza kandalama kochepa n'kulemba kuti pepani ndi zomwe ndili nazo. Musapepese. Misomali ya denga lija inagulidwa ndi timakobili totero.

Kenako mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama zimene tinasonkha miyezi yambiri zinafota tikuziona. Mtengo wa simenti ndi malata umene anatilembera mwezi wapitawo unasanduka nthano. Pamenepa ambiri mitima inagwa, ine ndemwe. Tinali titagwirizana kale kuti sitiwotcha njerwa, chifukwa mitengo kuno yatha ndipo kutha kwa mitengo kumapiri ndi kumene kukudzaza mitsinje yathu ndi mchenga. Tinasankha kuumba mabuloko a simenti, monga momwe boma likufunira pa nyumba za sukulu. Ndiye simenti ikakwera, zonse zaima. Pamwamba pa izo mvula ya nyengo imeneyo inadula, chimanga chinauma chisanamasule, ngakhale mapira ndi mchewere zimene zimapirira sizinachite bwino, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Umapita bwanji kukapempha za chimbudzi kwa munthu amene ana ake agonera nyika? Tinakhala pansi pa mtengo wathu uja n'kuwerengetsa: tikalipira ngolo kapena lole yotuta mchenga, miyala ndi madzi, simenti sikwana. Tikagula simenti, palibe chotutira.

Ndi pamene anatulukira madala.

Dzina sinditchula chifukwa anandiletsa, koma aliyense wa kwathu akuwadziwa, madala a ngolo aja amakhala kuseri kwa dambo. Sali mu kalabu, msinkhu wawo ndi wa agogo athu. Pa WhatsApp sali, foni yawo ndi ya mabatani. Anangomva kwa mdzukulu wawo kuti ana aja ntchito yawakanika. M'mawa wina tikufika pasukulu tinapeza mulu wa mchenga wa mu Mwanza uli kale pamalo, mapazi a ng'ombe ali mbwee, munthu palibe. Mawa lake chimodzimodzi. Titawapeza n'kufunsa kuti agogo, tikulipirani bwanji, anatiyang'ana ngati tawatukwana. Anati, "Ine ndi akazi anga tinagona m'kalasi iyo madzi atatilanda nyumba. Zimbudzi zimene mukumangazi tinadzaza ndife. Ndilipiritse ndani?"

Anzanga, muganizire bwino. Munthu ameneyu Freddy anamukokolera khola, anatsala ndi ng'ombe ziwiri zokha zokoka ngolo. Ngolo imeneyo ndiyo munda wake, ndiyo sitolo yake. Chaka cha njala ngati chimenecho ulendo umodzi wotuta katundu wa munthu ndi ufa wa tsiku limenelo pakhomo. Madala anasiya maulendo olipidwa n'kumatutira ife ulere. Ankamanga ng'ombe pagoli tambala woyamba asanalire, chifukwa kuno mu Okutobala kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo ng'ombe yoonda ndi chilimwe singakoke mchenga dzuwa litakwera. Pofika nthawi imene ife achinyamata tikuyasamula ndi mafosholo paphewa, iwo amakhala akumasula ng'ombe kuti zikamwe.

Ndipo si mchenga wokha. Buloko ya simenti ikaumbidwa imafuna kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, apo ayi imafumbutuka m'manja. Mjigo wa pasukulu umakhala ndi mzere wa ndowa kuyambira usiku, ndipo sitikanalanda amayi madzi akumwa kuti timwetse mabuloko. Madala anabwereka migolo, n'kumatunga kutali kuchitsime cha kudimba. Tayala la ngolo litaphulika panjira, sanatitumizire uthenga wopempha. Anakabwereka lina kwa mnzawo, tinamva patapita sabata. Titasonkha kangachepe mu envelopu kuti akagule ngakhale sopo, anabweza n'kunena kuti tikagule loko wolimba wa chitseko cha atsikana. Loko amene ali pachitsekopo ndi ameneyo.

Mmisiri wathu, bambo inu, zikomo potiphunzitsa m'malo mongotilamula. Ndinu munaumirira kuti dzenje likhale lozungulira ndi kumangidwa ndi mabuloko kuyambira pansi penipeni, chifukwa dothi la mchenga likakhuta madzi limakankha makoma ndipo dzenje la makona limayamba kugonja. Ndinu munatitengera pakhoma la kalasi n'kutionetsa mzere umene madzi a Freddy anasiya, n'kuti silabu ikhale pamwamba pa mzere umenewo. Tinadandaula kuti zikudya simenti yambiri, inu simunasunthe, ndipo munalandira theka la malipiro anu mwakufuna kwanu. Alangizi a zaumoyo, zikomo poyeza nafe kuti dzenje litalikire mjigo mamita osachepera 30, ndi potikumbutsa paipi yotulutsa mpweya ndi kasefa kotchinga ntchentche pamwamba pake. Lero mu kalabu muli atsikana odziwa kusakaniza simenti ndi kugwira chikombole, ndipo mmodzi wayamba kale kuitanidwa ku maganyu a zomangamanga.

Amayi a mother group, inu ndi amene munatitsegula maso pa za chipinda chosinthira. Ife anyamata tinkangoganiza za maenje ndi makoma. Munatiuza mosabisa kuti mtsikana akakhala kumwezi ndipo pasukulu palibe pobisala, palibe madzi, amakhala kunyumba, ndipo akajomba mwezi ndi mwezi mapeto ake ndi kusiya sukulu ndi kukwatiwa ali mwana. Munatiphikira nsima ya mapira ndi makakana pamene m'nyumba zanu momwe munalibe chokwanira. Thobwa lanu ndi limene linatiimiritsa masana aja. Takhuta, amayi.

Tsono pali mawu amene ndawasunga nthawi yaitali, ndipo ndiwanena chifukwa akundipweteka. Alipo akuluakulu amene anaimirira pa msonkhano woyamba, maikolofoni m'manja, n'kulonjeza matumba a simenti anthu akuwomba m'manja. Mpaka lero foni yawo imangoitana. Alipo amene anafunsa kaye ngati pali alawansi, atamva kuti palibe sanaonekenso. Alipo amene ankayenda m'mudzi kunena kuti ana awa akudya ndalama za anthu, chonsecho sanaponyepo ngakhale kobili, sanagwirepo ngakhale wilibala. Mlongo wathu msungichuma analira chifukwa cha mawu amenewo, mtsikana amene ankayenda wapansi kupita ku Nchalo kuti asawononge ndalama ya kalabu pa kabaza. Ndipo dzulo ena a iwo anafika atavala bwino, kufuna kuima kutsogolo pojambulitsa. Chisankho chikamayandikira, tikudziwa, timawaona ambiri. Sitinakuthamangitseni ndipo sitikusungirani chakukhosi, pakhomo pa kalabu ndi potsegula. Koma pa chithunzi chija tinaika madala pakati, ndipo tinachita dala.

Iwo sanafune n'komwe. Anabwera mochedwa, atavala malaya awo a kutchalitchi, n'kukhala kumbuyo pa muzu wa mtengo. Amfumu atawaitana kuti alankhule, anangoti ana agwira ntchito, Mulungu awadalitse, basi n'kukhala pansi. Atsikana a Sitandade 8 anawaimbira nyimbo, ine ndinalephera kuwayang'ana, misozi inali italengeza. Agogo, ndikudziwa kuti mdzukulu wanu akuwerengerani izi madzulo ano. Mwatichititsa manyazi abwino ife amene timati tinapita kusukulu. Mulungu akutalikitsireni masiku, adalitse ng'ombe zanu ziswane khola lidzalenso, akuchizeni bondo lija mumalibisa. Ambuye, munthu uyu musamuiwale.

Anzanga a mu kalabu, inu ndikuthokozani pamaso, pano malo sakwana. Tinakangana, ena anakwiya n'kutuluka pagulu la WhatsApp, n'kubweranso m'mawa ndi khasu. Amene munasiya maganyu a m'minda ya nzimbe kuti mudzaponde nawo ntchito, amene munabwera ndi ana kumsana, mnzathu uja anadwala malungo pakati pa ntchito n'kudzuka kubwerera asanachire bwino, ndakuonani nonse. Mafuta atasowa m'mafilingi siteshoni miyezi yapitayi, lole yobweretsa malata n'kulephera kutsika, ndinu munawasenza pa njinga kuchokera pamsewu. Aphunzitsi aakulu, zikomo potipatsa chipinda chosungiramo simenti ndi pogona tcheru kuti isabedwe. Amfumu ndi nyakwawa zanu, zikomo pomema anthu tsiku lokumba.

Ntchito yatsala, sitikubisa. Zimbudzi za anyamata zikadali zakale zija, ndipo ndowa zosambira m'manja zikufuna sopo amene sitingamagule mwezi uliwonse. Komiti ya sukulu yalonjeza kukambirana ndi makolo. Zimenezo tidzazikamba tikapuma.

Lamulungu likudzali, mapemphero akatha, msungichuma adzawerenga kope lonse la ndalama pabwalo la sukulu, zolowa ndi zotuluka, malisiti ali pamphasa kuti aliyense agwire ndi manja ake. Amene munali ndi mafunso bwerani mudzafunse pamenepo. Amene muli kutali tidzajambula masamba onse n'kukutumizirani.

Koma lisanafike Lamulungu pali Loweruka. Munda wa madala sunasosedwe mpaka lero chifukwa nthawi yonse yokonza minda anathera pa ife, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri a Thyolo. Tikumane pamjigo dzuwa lisanatuluke. Aliyense abwere ndi khasu lake ndi botolo la madzi, ndipo amene ali ndi mbewu ya mapira yotsala, ngakhale ya m'kambale, atenge.